Amayi Amene Ankaphimba Oyera

Bambo mfumu andipempha kuti ndilembe za amayi anga m'kapepala ka parishi, poti ndine wophunzira wa m'banjamo. Wophunzira wake wotani, wothera koleji panjira? Komabe ndalemba.

Amayi anayamba kuchapa nsalu za pa guwa ali kamtsikana, akuchita kukwera pa njerwa kuti afikire chingwe choyanikira. Atakula analembedwa ntchito yochapa ndi kusita pa hotela ina. Bambo atamwalira, anatilera ine ndi mchemwali wanga ndi simbi yomweyo. Zala zawo zinali zipsera zokhazokha, koma sindinawamvepo akudandaula. Chimene ankadana nacho ndi makwinya basi. Pa Uthenga wonse wa Pasaka iwo ankakonda pamene pamati nsalu ya kumutu inapezeka m'manda yopindidwa bwino. Ndikagonereza ankandidzutsa nayo: "Ambuye kuuka kwa akufa anayamba apinda nsalu, iwe bedi lokha likukukanika?"

Kumapeto kwa Lenti, ntchito yophimba mtanda ndi zithunzi za oyera ndi nsalu zofiirira inali yawo. Mchemwali wanga atapeza ntchito kutali, anawasiyira mwana wake, amene amayi anamutcha Mafunso. Tsiku lina, mtengo wa pazenera pathu utayamba kuphukira, anamutengera kutchalitchi. Mwanayo ataona Yosefe woyera akufunditsidwa, anafuna kudziwa ngati akumva kuzizira, ngati akupuma bwino m'katimo, ndiponso ngati analakwa. Amayi anavomera kuti chifukwa chenicheni sanachifunsepo. Anangoti maso akazolowera chinthu amasiya kuchiona.

Mwambo wa kwathu unayambira pomwepo. Aliyense ankasankha chinthu chimodzi chimene amachikonda, nkuchiphimba mpaka m'mawa wa Pasaka. Amayi anaphimba wailesi. Mafunso anayesa mphaka, mphaka anakana, ndiye anaphimba chidole. Ine nditabwera ku tchuthi ndinawaseka kuti zimenezo sizili m'buku lililonse. Masana ake nditagona pa mpando, ndinadzuka kumaso kuli nsalu. Mwana uja anali atasintha maganizo, wasankha ine.

Chaka chotsatira amayi anayamba kudwala chifuwa, ndipo ndinasiya koleji kuti ndiziwasamala. A m'kwaya ankabwera kudzaimba nkumapita; beseni lowasambitsira amayi linali langa. Ndinkawafunsa kuti Mulungu amene anamuchapira moyo wawo wonse ali kuti. Iwo ankangondiuza kuti kolala yanga yapindika. Manja atafooka anandiphunzitsa kusita nsalu za pa guwa, ali chigonere, akuloza ndi chala pamene ndalumpha.

Anamwalira m'mawa wina dzuwa litalowa m'chipinda, atalandira Ukaristia, korona yopempherera ili m'manja. Azimayi atawaphimba kumaso, Mafunso sanalire. Anandigwira dzanja nkunditonthoza kuti tidzawavundukula pa Pasaka.

Lenti yonse ndinali ndi mantha ndi m'mawa umenewo. Kumunamiza Mafunso sindinkafuna, komanso kumulanda chiyembekezo chimene ine ndinalibe kunandikanika. Ndinabisa nsalu zija pamwamba pa kabati kuti mwina aiwala. Anakwera pa mpando nkuzitsitsa. Iye anaphimba magalasi a agogo ake, ine ndinaphimba simbi.

Pasaka itafika tinavundukula zonse ziwiri. Ndinaiyang'ana simbi ija ngati yachilendo: chogwirira chake chinali chitadyeka ndendende pamene pankakhala chala chawo chachikulu. Zaka zonsezi sindinazionepo.

"Nanga agogo, amalume?"

Ndinakhala pansi kuti tifanane msinkhu. Ndinamuuza kuti nsalu imene ija si ife ochotsa.

"Achotsa ndani?"

"Yemwe uja anachotsa yake."

Anafunsa kuti liti, ndipo ndinati sindikudziwa. Anafunsa ngati bambo mfumu akudziwa, ndinati nawonso ayi. Anatembenuzatembenuza magalasi aja m'manja.

"Akadzauka adzaipinda okha," anatero. "Koma zathuzi tipinde ife. Akadzazipeza chonchi, mudzaona."

Tinazisita, iye akuloza ndi chala pamene ndalumpha, ndipo tinachedwa ku Misa. Aparishi, nsalu za pa guwa muzibweretsabe kunyumba konkuja. Mapemphero akundivutabe, koma makwinya ndikuwatha.