Funso Limene Linathyola Mkono wa Malume

M'kalasi mwathu mwa saikoloje ku koleji ya ku Zomba, wochokera kuchigwa ndinali ine ndekha, ndipo anzanga sankalola kuti ndiiwale zimenezo. "Iwe Msena, kwanu maganizo aliko, kapena anapsa ndi dzuwa?" Ndiye aphunzitsi atatituma kuti patchuthi tikafufuze zimene anthu amaopa, ndinalumbira kuti ndidzabwera ndi zinthu zowatseka pakamwa. Anatibwereka kawailesi kojambulira mawu, natipatsa lamulo: munthu uzimufunsa ali yekha, pambali, kuti ena asamuikire mawu m'kamwa. Ku Zomba lamulolo linkamveka lanzeru kwambiri.

Kwathu ku Marka woyamba kuvomera anali malume, msodzi wa m'madambo a Shire, wobadwira ku Mozambiki. Masiku amenewo nkhondo inali itafika povuta kutsidyako, ndipo anyamata a chipani ofunsa makadi pamsika ankaona kazitape mwa aliyense wolankhula Chisena chapansipansi. Kwathu nkhani yabwino imakambidwa pabwalo, yakuseri ndi yachiwembu. Koma lamulo ndi lamulo, choncho tinakakhala kuseri kwa nkhokwe ya mapira, kawailesi kali pakati pathu.

"Malume, inu mumaopa chiyani?"

"Ine nkhabe gopa ng'ona, mwanawe," anatero m'Chisena akuseka, kutanthauza kuti ng'ona saziopa. "Ng'ona ikakugwira imakhala ndi njala. Ndimagopa anthu okugwira atakhuta."

Sanapitirize. Anyamata aja anatulukira mbali zonse za nkhokwe, thukuta lili kamukamu. Wamkulu wawo anali munthu amene ndinaphunzira naye pulayimale, amene ankalephera ngakhale kulemba dzina lake.

"Mukutumiza mawu kwa yani? Okhutawo ndani, mdala?"

Ndinayamba kufotokoza za koleji. Mbama imene inanditera inanditseka khutu mpaka lero. Kawailesi anakaponda ndi nsapato, tepi n'kutuluka ngati matumbo a nkhuku. Kenako wina anatola nkhafi ya malume yopalasira bwato imene inatsamira pankhokwe. Anawamenya nayo kumsana, m'nthiti, m'miyendo. Malume anakweza mkono wamanja kuti atchinjirize mutu, ndipo ndinamva fupa likuti thyo! Azakhali, akazi a malume, anathamangira n'kudzigwetsa pamwamba pawo akukuwa, iwonso anawaponda pamimba. Anthu a m'mudzi anaima patali, manja ali kumbuyo. Sindiwaimba mlandu, koma ndinadana nawo tsiku limenelo, ndipo mkwiyowo sunandichoke wonse.

Kuchipatala tinaopa kupita msanga, chifukwa kumeneko akanafunsa chimene chinachitika. Mkono unamangidwa ndi timitengo kunyumba, ndipo unapola chokhota, zala zitauma.

Nditabwerera ku koleji ndinawauza aphunzitsi zonse. Anatseka chitseko kaye, nkhope itagwa, kenako anati, motsitsa mawu, "Pepa. Koma mulipoti mwako usalembemo zimenezi. Lemba kuti anthu akuchigwa amaopa ng'ona ndi madzi osefukira." Ndinalemba zomwezo, ndipo ndinakhoza bwino. Anzanga aja anaseka, amvekere, "Tinanena ife."

Malume sanapalasenso bwato. Sanandinenepo kanthu, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa kutukwanidwa. Munthu amene ankadyetsa mudzi wonse nsomba anayamba kudya ndi dzanja lamanzere, chinthu chimene ankatimenyera tili ana. Kunyumba kukabwera alendo, chakudya chikafika pamkeka, iwo ankadzuka mwakachetechete n'kunena kuti adya kale.