Zitenje za alamu anga pachipata cha Muloza

Ine sukulu ndinkangoidutsa panja popita kudambo, ndiye dzina langa ndi chala chachikuluchi. Komabe m'sutikesi mwanga muli pepala limodzi limene ndimalisunga ngati ndimatha kuliwerenga.

Amuna anga atatha chaka m'manda, tinagwirizana zowamangira chiliza. Iwo anathyola tiyi ku esiteti mpaka msana kupindika, koma kwawo kwenikweni kunali kutsidya, ku Milange, kumene kunatsala mlongo wawo mmodzi yekha. Alamu angawo anatumiza uthenga kuti za simenti sangathe, koma akufuna kuti tsiku lovundukula chiliza akazi tonse a pabanja tidzavale nsalu yofanana. Ndinawoloka kukatenga. Anandipatsa mtolo wa zitenje makumi atatu, zimene kumeneko amati kapulana, zobiriwira, za mbalame zachikasu. Potsanzikana ndinaona kuti m'khola mwawo mulibenso mbuzi zimene ankaweta, koma ndinayang'ana kumbali. Mphatso sitifunsa mtengo. Ukafunsa, ndiye kuti ukuyeza ngati mnzako amakukonda mokwanira.

Pachipata cha Muloza ndinauza wakabaza kuti tingopitirira, monga ndimachitira ndikasenza mbatata. Bambo wa msonkho anatiimitsa, namasula mtolo, nawerenga. Anafunsa lisiti, ndinalibe. Anafunsa mtengo, ndinati sindikudziwa. Sanandikalipire ayi. Anangoti nsalu zambiri zofanana chonchi zimaoneka za malonda, ndipo poti ndinafuna kudutsa osazionetsa, padzakhala msonkho ndi chindapusa pamwamba. Mtolo unatsala, ine n'kutuluka ndi kapepala. Mwambo unali Loweruka la sabata yotsatira, ndipo alamu anga anali kudzabwera kudzaona nsalu yawo itavalidwa.

Ndinakhala pamwala pafupi ndi osintha ndalama. Mayi wina wogulitsa nthochi ndiye anandilozera kachipinda ka ejenti, munthu amene ntchito yake ndi kulankhulira anthu kwa a msonkho. Ndinkaganiza kuti ndikapeza bambo wa tayi, koma ndinapeza mayi wa msinkhu wa mwana wanga wachiwiri, akudya chimanga chootcha. Anandipatsa mpando, nandiuza za malipiro ake poyera, kenako anati ndiyambire pachiyambi. Ine pachiyambi ndinayambira tsiku limene ndinakumana ndi amuna anga. Sanandidule. Anangoseka n'kunena kuti fomu yake ilibe malo a chibwenzi.

Atamva zonse anati zinthu zake ndi ziwiri: kalata ya ku mpingo yotsimikiza za chiliza, ndi lisiti yoonetsa mtengo weniweni. Anati ndiwaimbire alamu anga ndiwafunse. Ndinakana. Anafotokoza kuti popanda mtengo a msonkho adzaika wawo. Ndinati aike, kapena nsaluzo ziwolere konko, koma ine sindingafunse mkazi wamasiye mnzanga kuti analipira zingati polira mlongo wake.

Mayiyo anaika chimanga chake pambali, nandifunsa:

"Anganga, sitolo yake mukuidziwa?"

Ndinaidziwa, chifukwa alamu anaitchula poyamikira kuti nsalu zake sizisuluka. M'mawa mwake mayiyo anawoloka yekha pa kabaza, nakapempha mwini sitolo kuti alembenso lisiti, alamu anga osadziwa kanthu. Ine ndinakwera minibasi kukatenga kalata kwa abusa.

Lachitatu anandiitana. Analemba kalata yopempha kuti chindapusa chichotsedwe, yonena kuti ndinalakwa posadziwa, osati pozemba. Anati sangalole kuti ndidinde chala pa zimene sindinamve, ndiye anayamba kundiwerengera mzere ndi mzere. Atafika pakati anaima, naika chala chake papepalapo.

"Apa ndi pamene pali mtengo wa nsalu, anganga. Ndi zoona, ndaziona ndi maso anga. Ndiwerenge?"

"Dumpha pamenepo, mwana wanga."

Anadumpha, ine n'kudinda.

Tinalowa limodzi kwa a msonkho. Iye ankalankhula, ine ndinkayang'ana mtolo wanga uli pakona. Chindapusa anachotsa, msonkho ndinalipira, ndipo bambo uja anandithandiza kumanga mtolo pa kabaza, akundikumbutsa kuti ulendo wina ndiziyamba ndaima.

Loweruka lija tinavala tonse. Alamu anga anafika manda atabiriwira ndi zitenje zawo za mbalame zachikasu. Anagwira nsonga ya chitenje changa, nayamba kulira, kenako anandifunsa ngati pachipata panalibe vuto. Ndinati panali pang'ono, koma ndinapeza mwana wabwino.

Chitenje chimodzi chinatsala, ndinakampatsa mayi wa ejenti uja. Anachitambasula, nachiyeza m'chiuno, ndipo ndi nkhope yosaseka anandifunsa kuti n'cha ndalama zingati. Ndinamumenya ndi mpango paphewa.

Kope la kalata ndinadinda ija ndilo pepala limene lili m'sutikesi. Ana anga onse amadziwa kuwerenga, koma ndinawauza kuti pamzere uja asayang'anepo.