Tiyi wa m'mabotolo a mayonezi

Amuna anga atawapeza ndi matenda a shuga, anandilumbiritsa tisanatuluke n'komwe pageti la kiliniki kuti ndisadzauze amayi awo. Malume a amuna angawo anadulidwa mwendo ndi matenda omwewo, ndiye ankaopa kuti mayiwo akamva sadzaonanso tulo. Ndinavomera msanga, osadziwa kuti lonjezolo lidzandikhala pakhosi.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga, kwa mayi wina wa ku China, ndipo ndinkayenda wapansi kuchokera kwathu ku Mtendere. Mayiyo tiyi wathu wa mkaka sankamuyang'ana n'komwe. Ankamwa wobiriwira, wopanda shuga. Atamva za amuna anga anayamba kundigawira, ine n'kumathira m'mabotolo a mayonezi otsuka bwino, opanda cholembedwa chilichonse. Panali wa masamba aatali ophwatalala ngati tinsomba ta kapenta, wina wopotedwa timibulu, wina wosakaniza ndi mpunga wokazinga. Panalinso timipira tomanga ndi ulusi, tonunkhira maluwa, timene ndinkasungira Lamlungu.

Tsiku loyamba amuna anga anati ndawapatsa madzi otsukira ndiwo. Koma lilime limazolowera. Posakhalitsa anayamba kusankha okha: wa mpunga m'mawa chifukwa umanunkhira ngati chakudya, wa timibulu akaweruka kugalaja chifukwa kuwawa kwake kumachotsa kutopa. Tinkakhala pakhonde dzuwa likupendeka, n'kumaonerera masamba akutambasuka m'kapu. Mowa anasiya, mimba inaphwa, ndipo makapuwo ankatsuka okha poopa kuti ine ndisiyamo fungo la sopo. Sindinasangalalepo m'banja ngati miyezi imeneyo.

Azimayi a pampopi ankandiseka. "Imwe, mwabadyesa chani bamuna banu? Tipaseniko naise." Ndinkaseka nawo, poti zinali nthabwala.

Kenako apongozi anga anabwera kuchokera ku Kitwe kudzacheza. Anaona mwana wawo ataonda, akufika pakhomo kusanade, akutsuka makapu. Kuyambira pamenepo maso awo ankanditsata paliponse.

Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinapeza mabotolo anga onse atandandalikidwa patebulo, zitsekero zili pambali. Kwathu kuno mkazi akangonenedwa kuti akudyetsa mwamuna mankhwala, abale amakhala pansi, iye n'kumangiridwa katundu, ndipo dzinalo limamutsata mpaka kutchalitchi.

"Ivi ni vichani?" anafunsa apongoziwo.

"Ni tiyi, bamayo."

"Tiyi niiziba ine. Tiyi ni yakuda. Mwana wanga ayonda, moba analeka, asuka makapu monga mukazi. Mwamuchita chani?"

Yankho linali pamlomo penipeni. Liwu limodzi lokha, shuga, likanandimasula. Ndinayang'ana kukhomo, koma mwini lonjezo anali asanafike.

"Lekani niphike, nimwe neka muone," ndinatero.

Magetsi anali atapita, choncho ndinakoleza mbaula. Pofuna kuwasangalatsa ndinasankha tiyi wokongola koposa, kampira ka Lamlungu kaja, n'kukaponya m'tambula yagalasi. Apa ndiye ndinaziputa. Kampirako kanayamba kugwedezeka m'madzi otentha, kakutambasula masamba pang'onopang'ono, mpaka duwa lofiira linatulukira pakati. Apongozi anakankhira mpando kumbuyo n'kuyamba kupemphera m'Chibemba.

Amuna anga analowa nthawi yomweyo. Ndinawayang'ana ndi maso opempha. Iwo anatenga tambulayo, namwa, n'kunena kuti, "Ni tiyi chabe, bamayo." Basi. Za kukiliniki sanatchule, anangozyolika n'kumayang'ana nsapato zawo. Ndinapsa mtima moti ndinalakalaka kuwathira tiyi wotsalayo kumutu.

Masiku otsatira apongozi anasiya kudya chophika ine. Ankaphika okha m'kapoto kawo, madzi akumwa n'kumatunga okha kumpopi, kumene ankachedwa akulankhula ndi azimayi aja. Foni yawo ikalira n'kutuluka nayo panja, ndinkadziwa kuti basi, akuitana abale. Kuntchito ndinaswa mbale. Ndinachonderera amuna anga kuti aulule, iwo amvekere tidikire kaye amayi apite, zizizira zokha. Tiyi tinasiya kumwa, mabotolo ndinawabisa kuseri kwa thumba la makala.

Msonkhano wa abale sunachitike. M'mawa wa tsiku lobwerera ku Kitwe, amuna anga atasenza chikwama cha amayi awo kupita kumsewu, apongozi anandiitanira kuchipinda n'kutseka chitseko. Ndinaima chilili, ndikudikira mawu ondithamangitsa.

Anakhala pabedi, akupotokola nsonga ya chitenge. Kwa nthawi yoyamba sanandiyang'ane kumaso.

"Mwana wanga," anayamba motsitsa mawu, "nipaseniko kaja kamene kamaseguka."

Ankanena kampira kaja, koma sindinamvetse kuti akukafuniranji.

"Batata banu," anatero, kunena amuna awo, "ni zaka manje sibadya panyumba. Bali na mukazi wina ku Ndola. Nayesa mapemphero, nayesa vonse."

"Bamayo, ni tiyi chabe. Zoona."

"Niziba," anayankha. "Nipaseni chabe."

Ndinaona kuti ndikakana ndikhala mfiti youmira, ndikapereka ndavomera mlandu. Koma pabedipo panali mayi wokalamba amene anaona mwana wake akutsukira mkazi makapu, chinthu chimene iye sanachitiridwepo. Ndinakatenga botolo kuseri kwa makala, n'kukhuthulira timipira tonse m'kapepala. Ndinawauza kuti madzi asawire kwambiri, tiyiyo angawawe.

"Nanga mau? Nizikamba chani pothira?"

"Kulibe mau, bamayo."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamvetsa kuti zina sizinenedwa, namanga kapepalako pansonga ya chitenge mfundo ziwiri. Potuluka anandigwira dzanja, zimene anali asanachitepo chikwatiwire ine.

Tiyi tinayambiranso kumwa, ndipo za shuga apongozi sakudziwabe mpaka lero. Koma foni ikalira n'kuona kuti ndi ku Kitwe, kapu ndimayamba ndaiika pansi. Ndimaopa kumva kuti sizinagwire ntchito. Ndimaopanso kwambiri kumva kuti zagwira.