Tsamba Limene Ndinkaopa Kutseka

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa foni, ndikuyamwitsa. Mnzanga wa ku koleji ananditumizira uthenga woti kabungwe kena kothandiza alimi a kachewere kakufuna munthu wodziwa kompyuta, wogwirira kunyumba, mwezi woyamba woyeserera. Satifiketi yanga inali itagona chaka m'sutikesi. Mayi Nkhoma, oyang'anira ntchitoyo, atandiimbira anafunsa ngati ndimakhala ndi mpata tsiku lonse. Ndinati eya. Za Tadala, mwana wanga wa miyezi inayi, sindinatchule. Ndinachita kutuluka panja kuti asamveke.

Nthawiyo ndinkakhala kwa apongozi kufupi ndi Kabwazi, bambo a Tadala ali ku ntchito ku Lilongwe. Pamudzi ponse panalibe woti ndimufunse kanthu. Apongozi akandiona ndi laputopu pansi pa mtengo wa mapichesi, pokhapo pamene netiweki inkagwira, ankati, "Amake Tadala, filimu yanuyo siikutha?" Sankanena mwachipongwe. Ndinayesa kuwafotokozera kamodzi, n'kusiya.

Ntchito inali iyi. Alangizi ankayenda m'minda n'kulemba pa foni pamene apeza chiwawu, matenda owauka masamba a kachewere. Ine ndinkayenera kusandutsa zolembazo mapu: kadontho kofiira pa munda wodwala, kobiriwira pa wabwino, ukakadina dzina la mudzi lituluke. Tinkagwiritsa ntchito notibuku ya Jupyter, tsamba logawidwa timabokosi, lotseguka pa bulawuza, pulogalamu yoonera masamba a pa intaneti. Umalemba malamulo m'kabokosi, n'kudina Shift ndi Enter, zotsatira n'kutuluka pansi pake. Python, chiyankhulo cholembera malamulowo, inkawerenga fayilo ya alangizi n'kusesa zolakwika. Koma mapu odinika ankafuna JavaScript, chiyankhulo cha masamba a pa intaneti, choncho pamwamba pa kabokosi ndinkayamba ndi mawu oti %%javascript. Chimene sindinachimvetse msanga n'chakuti ziwirizi sizikhala nyumba imodzi. Python imagwirira kuseri, mu injini yake yotchedwa kenelo. JavaScript imakhala mu bulawuza, ndipo zimene waiuza imazisunga malinga tsamba lisatsekedwe.

Ndinkagwira ntchito mobera. Tadala akatsinzina ndilembe kabokosi ka m'munsi, akalira ndisiye, pobwera ndiyambe ka pamwamba nditaiwala pamene ndinali. Manambala a m'mbali, osonyeza kabokosi koyamba kuyenda ndi kotsatira, anali kubalalika: 41, kenako 7, kenako 63. Tsiku lina mapu anangotuluka. Chenicheni chimene chinawatulutsa sindinachidziwe. Ndinauza Tadala, poti wina panalibe. Kenako, pofuna kuti tsamba lioneke laukhondo, ndinafufuta timabokosi timene ndinkatiyesa zinyalala. Mapu anakhalabe.

Apa ndiulule. Mtima unandiuza kuti ndafufuta chinthu chofunika. Njira yodziwira inalipo, ndipo ku koleji anatiphunzitsa: kutseka tsamba, kuyambitsanso kenelo, kuyendetsa timabokosi tonse kuchokera pamwamba. Ine ndinaopa. Ndinati mapu akasowa, ndifunsa ndani? Masabata awiri laputopu sinazime. Ndinkangoipinda n'kuthamangira nayo kwa aphunzitsi ena okhala ndi sola kuti batire lisathe. Ndinkaisuzumira monga ndinkasuzumirira Tadala kuti ndione ngati akupuma.

Mwezi utatha anandiitana ku Boma kuti ndikaonetse mapuwo kwa alangizi, adziwe koyambira. Aka kanali koyamba kumusiya Tadala. Ndinamufinyira mkaka m'kapu, n'kuwauza apongozi zinthu zimene ankazidziwa ine ndisanabadwe. Pa Linthipe minibasi inaima nthawi yaitali kudikira kudzaza, mvula ikuwaza. Pofika ku ofesi laputopu inali itazizira. Batire linali litatha.

M'chipindamo munali alangizi asanu ndi mmodzi, majombo awo amatope, ndi Mayi Nkhoma, amene ndinkangowadziwa mawu. Ndinalumikiza magetsi, kuyatsa, kutsegula notibuku. Pamalo pa mapu panali poyera, ndi mzere wa zilembo zofiira. Ndinadina Shift ndi Enter. Ndinadinanso. Mlangizi wina wachikulire anati, "Basi anzanga, chiwawu chatha m'boma lonse, tiyeni tizipita." Anaseka onse. Nthawi yomweyo ndinamva mawere kulasa, ndipo bulauzi yanga inanyowa mbali zonse ziwiri.

Mayi Nkhoma anawauza alangizi kuti akamwe tiyi. Atatseka chitseko anandipatsa chitenje chawo.

"Mwana ali ndi miyezi ingati?"

"Isanu."

"Nanga laputopuyi munaizimitsa liti komaliza?"

Ndinanena zonse, za kufufuta, za sola ya aphunzitsi, za bodza langa la pa foni. Sanandikalipire, komanso sanandisisite. Anati, "Ndiye mwakhala mukulera ana awiri. Mverani, chinthu chimene chimafa ukachizimitsa chinali chitafa kale. Anthuwa akwera njinga zawo ikakwana thwelofu. Mapu akapanda kuoneka ndifuna munthu wina, ndipo sichikhala chifukwa cha mwana."

Anatuluka. Ndinatsala ndekha monga mwa masiku onse, koma ulendo uno kunalibe chosunga, chinali chitatayika kale. Ndinawerenga zilembo zofiira zija pang'onopang'ono. Zinkati dzina la chojambulira mapu silikudziwika. Kamodzi mwa timabokosi ndinafufuta tija ndi kamene kankaitana chojambuliracho kuchokera pa intaneti. Bulawuza inachisunga m'mutu masabata onsewo, ine n'kumayesa kuti chalembedwa. Ndinachikopera pa laputopu kuti chisamadalire netiweki, ndinalemba kabokosi kochiitana n'kukaika patsogolo pa tonse, kenako ka Python kopereka mayina a midzi, kenako ka mapu. Ndiyeno ndinatseka tsamba dala. Ndinalitsegulanso, kuyambitsa kenelo, kuyendetsa tonse. Manambala anatsika bwinobwino, 1, 2, 3, mpaka pansi. Madontho anatuluka, ofiira ataunjikana m'mbali mwa dambo limodzi.

Alangizi atabwerera, wachikulire uja anadina kadontho, n'kuwerenga dzina la mudzi. Anati, "Ee, chabweranso chiwawu," n'kutenga chipewa chake. Mayi Nkhoma anangoti, "Lolemba munditumizire za sabata ino. Ndipo mwana akalira pa foni musamathawire panja."

Ndinafika kunyumba dzuwa likupendeka, ndikuthamanga. Tadala anali mtulo kumbuyo kwa agogo ake, iwo akupalira nyemba. "Analira pang'ono n'kugona," anatero apongozi. "Filimu yatha?"

Ndidakali pantchito yomweyo, ndipo ndimagwirabe ndekha pansi pa mtengo uja. Nkhawa sinandichoke. Koma tsiku lililonse ndisanatumize kanthu ndimatseka tsamba, n'kuyamba pa 1. Ndikatero ndimazimitsa laputopu mpaka kanyali kake kathime, n'kuisiya m'nyumba.