Tsiku Limene Atate Anandionetsa Likoma Tili ku Wanki

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinazungulira chilumba cha Likoma koyamba, ndipo sindinanyowe ngakhale chala chakuphazi. Tinkakhala ku Wanki, kuno kumene lero timati Hwange, m'komboni ya Namba Thu, m'zaka zija za Chitaganya. Atate anga, a Banaba, ankapakira malasha pansi pa mgodi. Ine ndinabadwira m'komboni momwemo, ndipo madzi ambiri amene ndinali nditawaonapo anali a m'diramu la amayi.

M'nyumba tinkayankhula Chinyanja, koma ife ana tikangotuluka pakhomo tinkasakaniza chilichonse chimene khutu latola: Chindebele, Chinambiya, ndi Chilapalapa chija akapitawo ankakalipira nacho anthu. Mawu a Chindebele akuti kutshona ndinkawadziwa bwino. Dzuwa likalowa, latshona. Huta yoitanira anthu kuntchito ikalira amuna n'kumatsikira kumgodi, akutshona. Choncho kwa ine munthu wotshona anali mwamuna weniweni, wolowa pansi pa dziko nyali ili pamphumi, n'kutulukamo atada bii koma ali moyo.

Mwezi wina wa Okutobala, kukutentha moti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa, kunabwera mlendo wofuna ntchito, a Matiyasi, a kumudzi kwa atate. Anatibweretsera nsomba zouma za utaka zokulunga m'kansalu, ndipo nyumba yonse inanunkhira nyanja imene sindinkaidziwa. Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Atatha kudya, a Matiyasi anauza atate kuti agogo anga, mayi awo a atatewo, anasiya kupita kudoko la Mbamba sitima ikafika. Kwa zaka zambiri ankapita kukaona ngati mwana wawo watsika, koma tsopano miyendo inali itakana, ndiponso anthu ankawauza kuti asamadzivute.

"Anthu akuwauza mayiwo kuti mwana wanu uja ndi mtchona," anatero a Matiyasi motsitsa mawu.

Ine ndinali pakhomo ndi beseni la madzi osamba m'manja. Ndinamva ngati mbiri ya atate yafika mpaka kunyanja, ndipo ndinayankha monyadira, palibe amene anandifunsa.

"Eya, atate ndi mtchona weniweni. Amatshona tsiku lililonse, kupatula Lamulungu."

A Matiyasi anayamba kuseka, kenako kusekako kunawathera pakhosi. Atate anangoyang'ana manja awo. Amayi anandikokera kuseri, ndipo tikutsuka mbale anandifotokozera kuti kumudzi mtchona ndi munthu amene anapita kukagwira ntchito kunja n'kumira komweko, amene abale ake anasiya kumusungira mbale. Atate anachoka ku Likoma ine ndisanabadwe. Chaka chilichonse ankati chaka chamawa, ndipo chaka chilichonse panali chifukwa: mwana wabadwa, mwana wadwala, tchuthi chachepa. Tsopano panali chifuwa chija chimene chinkawagwira mpaka kutsamira khoma.

Loweruka lotsatira, akuvula majombo, atate anandiitana n'kundiuza kuti mawa tikaweruka kutchalitchi apita nane kuchilumba. Dzuwa lisanalowe komboni yonse inali itadziwa. Ndinauza anzanga kuti ndikakwera sitima ya pamtunda ku Thomson Junction, kenako sitima ya pamadzi, ndipo ndinalonjeza nsomba kwa ana amene ndinkawakonda okha. Amayi sananditsutse. Anangotiikira tiyi wozizira m'botolo ndi mbatata zophika, n'kuuza atate kuti asamuphe mwana ndi dzuwa.

Tinanyamuka ine nditavala diresi langa la kutchalitchi, atate atavala jekete lawo lofiirira, ngakhale kunkatentha chotero. Titafika panjanji tinangoidumpha. Ndinafunsa za sitima, iwo n'kuyankha kuti takwera kale. Tinalunjika kuphiri lina la miyala ndi milambe limene linali kuseri kwa komboni, kumene amayi ankatola nkhuni. Patsinde pake panali khwawa louma, ndipo atate anaima pamenepo, navula nsapato.

"Ajinesi, pano ndi pa Mbamba. Sitima siifika kumtunda, umatsikira m'boti. Kweza diresi, linganyowe."

Ndinawayang'ana kumaso kuti ndione ngati akuchita nthabwala, koma sankaseka. Anapinda buluku lawo mpaka m'maondo n'kuwoloka mchenga wotenthawo pang'onopang'ono, ngati munthu wolimbana ndi mafunde. Pomwepo ndinadziwa kuti kunyanja kwenikweni sitikupitako. Ndinakweza diresi, chifukwa masiku amenewo mwana sankatsutsa bambo ake, koma ndinawoloka milomo ili tutu.

Kuyambira pamenepo anandiyendetsa monga amachitira anthu oonetsa alendo malo. Mulu wa miyala yofiira unali Chipyela, pamene pali tchalitchi chachikulu, ndipo anandivulitsa nsapato kuti tidutse mwaulemu. Penapake nthaka inkafuka, chifukwa kuno malasha amayaka okha pansi ndipo ana ena anapsapo mapazi. Atate anandigwira dzanja n'kundilambalalitsa patali, akuti amenewo ndi madzi akuya, ngakhale asodzi amawaopa mwera ukamawomba. Anandiphunzitsanso mawu oti ndidzanene ndikadzakumana ndi munthu wamkulu, nditagwada: ndine mwana wa Banaba wa ku Makulawe. Anandibwerezetsa mpaka Chindebele chitachoka pa lilime langa.

Kukwera phiriko kunatitengera nthawi yaitali, osati chifukwa cha ine. Atate ankayenda pang'ono n'kukhala pamwala, akunamizira kuti pali china choti andionetse, koma ine ndinkamva mmene mpweya unkalirira m'chifuwa mwawo. Akatsokomola ankatembenukira kumbali, ndipo malovu awo anali akuda. Ine ndinali ndi ludzu, minga inali itandikala miyendo, ndipo ndinkaganiza za ana aja ndinawalonjeza nsomba. Sindinkawamvera chisoni atate ayi. Ndinali wokwiya, ndipo ndinali nditatopa.

Pamwamba anati tafika pa Macholo, phiri lalitali la pachilumba, pamene munthu amaona magombe onse. Anandiimika pamwala, nanditembenuza ndi mapewa. Kum'mawa, kumene ine ndinkaona mapiri ouma a mitsanya, anati ndi dziko la Apwitikizi, lapafupi moti tambala akalira kumeneko umamumva. Kumadzulo kunali chimulu chakuda cha zinyalala za mgodi, ndipo chimenecho chinali chilumba cha Chizumulu. Kenako ndinaloza utsi wa mauvuni owotchera malasha, umene unkakwera mizati itali itali, ndipo ndinafunsa mwamwano ngati nyanja yawoyo imafukanso.

Nkhope yawo inawala koyamba tsiku limenelo.

"Wayamba kuona. Umenewo si utsi, ndi nkhungu. Tizilombo touluka, timatuluka m'madzi. Mphepo ikatibweretsa kumtunda amayi amatikola ndi lichero, n'kuphika."

Anaima nthawi yaitali akuyang'ana utsiwo, utsi womwewo umene unkadetsa zochapa za amayi pachingwe. Tinamwa tiyi wathu pamenepo, n'kudya mbatata. Iwo anadya theka lokha.

Tinatsikira chakumpoto, kumene kunali Makulawe, mudzi wawo. Anandiuza kuti ndidzafune mlambe wong'ambika pakati, ndipo kuseri kwake ndidzaona thanthwe loyanikapo chinangwa. Nyumba ya agogo ili pafupi ndi thanthwelo, khomo lake loyang'ana kunyanja. Pa phiri lathulo mlambe unalipo, ngakhale sunali wong'ambika, koma pamalo pa nyumba panali chitsamba cha minga chabe. Atate anakonza jekete lawo, navula chipewa, naima kutsogolo kwa chitsambacho.

"Odi, amayi," anatero.

Panalibe choyankha kupatula nyenje. Ndinachita manyazi, ngakhale panalibe munthu wotiona. Ndinkaganiza kuti ulendo watha, koma iwo anati tibwerere ku Mbamba, ndipo ulendo uno ine ndikhale patsogolo, ndiwatsogolere mpaka pachitsamba chomwecho, ndikutchula malo onse. Apa m'pamene ndinakhala pansi m'fumbi ndi diresi langa la kutchalitchi n'kuyamba kulira. Ndinawauza kuti chilumba chawocho sindikuchifuna, mulibe madzi, ndipo ndikufuna kupita kwathu.

Anaseka pang'ono, kusekako n'kusanduka chifuwa. Chitawasiya anakhala pafupi nane n'kundifotokozera mwambo umene sindinkaudziwa. Munthu akafera kuchilendo, anthu a kwawo sangalire bwino popanda kanthu kake. Wina amayenera kunyamula chovala chake kupita nacho kumudzi, kuti akachikwirire pafupi ndi makolo ake. Chikafika, munthuyo wabwera. Amayi anga anali a ku Ntcheu, nyanja sankaidziwa ndipo ankaiopa, ang'ono anga anali makanda, ndipo ine ndinali mwana woyamba.

"Dokotala wa pamgodi wandimvera m'chifuwa, ndipo sanandiyang'ane m'maso," anatero akusisita kolala wa jekete lija. "Ine ndatopa, mwanawe. Koma njira ikakhala m'mutu mwako, ndiye kuti sindinatchone."

Ndinadzuka. Ndinawatsogolera kubwerera kukhwawa louma, ndinakwezanso diresi, ndipo tinayambiranso. Ndikalakwitsa malo ankangoima chilili mpaka nditakumbukira. Tinafika kunyumba mapazi atatupa, ndipo amayi anatiika tonse awiri mapazi m'beseni limodzi, akung'ung'udza. Mawa lake anzanga anandifunsa nsomba zawo, ndipo dzina lakuti Masitima linandimata mpaka nditatha msinkhu.

Atate anamwalira ine ndisanamalize sukulu, ndipo tinawaika kuno. Amayi anapinda jekete lija n'kuliika pansi pa bokosi, nandiuza kuti ndi katundu wanga. Kenako moyo unandichita zimene unawachita atate. Ndinakwatiwa, ndinabereka, ndinalera ana anga ndi a anzanga amene amuna awo anatsalira pansi pamene mgodi wa Kamandama unaphulika, ndipo chaka chilichonse panali chifukwa. Jekete ndinkalitulutsa kuliyanika kuti njenjete zisadye, n'kulibwezera. Ndinanyamuka ulendo wa ku Likoma mutu utayera kale.

Sitima inaimadi patali, ndipo tinatsikira m'boti. Ndinakweza chitenje popanda wondiuza. Padoko panali mnyamata wina dzina lake Limbani, amene ntchito yake inali kuzungulitsa alendo pachilumba kuwaonetsa malo okongola, ndipo ndinamupempha kuti ayende nane tsiku limenelo, chifukwa maondo anga ankafuna dzanja la munthu. Anali mwana waulemu. Ankandionetsa tchalitchi, magombe, phiri, ine n'kumangovomera, koma pamphambano mapazi anga ankakhota iye asananene. Anandifunsa kuti ndinachoka liti pachilumbapo, ndipo ndinamuyankha kuti ndinabwerapo kamodzi ndili mwana, nthawi ya chilimwe.

Mlambe wong'ambika unalipo. Thanthwe linalipo, chinangwa chili poyanika. Agogo anali atamwalira kalekale ndipo nyumba yawo inagwa, koma pamthunzi panakhala mayi wina wokalamba kwambiri, wa maso oyera ndi ng'ala. Limbani anandinong'oneza kuti ndi a Marita, mlongo wawo wamng'ono wa atate. Ndinagwada movutikira n'kunena mawu anga aja: ndine mwana wa Banaba wa ku Makulawe. Kenako ndinawaika jekete pamiyendo. Analipapasa, nalinyamula mpaka kumphuno.

"Likununkha moto," anatero. "Achimwene, mwachedwa. Koma lowani."

Analikwirira mawa lake pafupi ndi manda a agogo, ndipo anthu amene sanawaonepo atate analira monga mwambo ufunira. Zitatha ndinakhala pathanthwe lija ndi azakhali angawo. Nyanja inali yaikulu kuposa zonse zimene atate ananena, ndipo inali yokongola, sindikana. Koma pakati pake ndinaona mizati yakuda ikukwera kumwamba, ndipo ndisanaganize n'komwe mtima wanga unati ayatsa mauvuni, zochapa zida ndi utsi. Ndinayang'ana Chizumulu, ndinaona chimulu cha malasha. A Marita anandipempha kuti ndikhale, malo omanga alipo, ndipo ndinadzimva ndikuyankha kuti ndiyenera kubwerera kwathu.

Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti pa phiri paja atate ankachita sewero kuti njira indilowe m'mutu. Pathanthwe pamenepo ndinadziwa kuti sankanamizira kanthu. Ankaonadi nkhungu mu utsi, monga ine ndinaonera utsi mu nkhungu, chifukwa maso a munthu amakhala kumene anakulira, ngakhale thupi ulipititse kuti. Anandituma kuti ndiwafikitse kwawo, ndipo ndinawafikitsa, mochedwa monga iwo. Ine ana anga ndinawauza kale kuti tsiku langa likadzafika asadzavutike ndi masitima. Chitenje changa adzangondifunditsa, pompano pa Hwange.