Beseni la Amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinataya madzi osamba m'manja pamaso pa amalume.

Tinkakhala kufupi ndi Dzoole, pamwamba pa chitunda, chitsime chili kumunsi kudambo. Inali nthawi ya dzinja, matipate atangoyamba kumene, ndipo matenda otsegula m'mimba anali atalowa m'mudzi. Mwana wa nyumba yoyandikana nafe tinali titamuika Lolemba. Mlongo wanga Yohane, wa zaka zitatu, anali atangodzuka kumene pamphasa, maso atalowa m'kati, timiyendo ngati mapesi.

Kwathu kusamba m'manja kunali ndi dongosolo lake. Beseni limodzi, madzi omwewo. Ankayamba amalume a Gomani, alongo awo a amayi, eni fodya amene tonse tinkasoka. Kenako abambo ndi amuna ena, kenako azimayi, ife ana pomalizira. Tsiku limenelo anthu anatuluka m'chigafa manja ali bii ndi phula la fodya, ena atagwira ndowe, ena atamina. Pofika kwa ife, madziwo anali ngati a m'chithaphwi cha nkhumba. Kusukulu a zaumoyo anali atatiuza kuti matendawa amayenda ndi manja, ndiye tizithirirana madzi, osapisa pamodzi. Nditaona Yohane akutambasula timanja take kuti apise m'menemo, mtima unandiwira. Ndinalanda beseni n'kulikhuthula pabwalo.

"Iwe Esinala," anatero amalume, osakweza n'komwe mawu. "Manja angawa ali ndi chiyani?"

"Ali ndi litsiro, amalume."

Kamwa langali landionetsa zambiri. Amayi anangogwira pakamwa. Amalume anaseka pang'ono n'kutembenukira kwa amuna anzawo. "Matipate aja ndi amenewa. Afika mpaka m'beseni." Anathyola nthambi ya pichesi n'kundikwapula m'miyendo. Zinawawa, koma sindinawapatse misozi yanga.

Chilango chenicheni chinachokera kwa amayi, anthu atabalalika. "Ukuyesa ife timakonda litsiro?" anandifunsa. "Madziwa amakwera chitunda ali pamutu pangapa. Ukufuna othira, uzikatunga wekha."

Ankaganiza kuti pakatha masiku awiri ndigwa ulesi. Mwana wawo yemwe sankamudziwa. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkatsetsereka kudambo ndi ndowa, matope akuterera, ndipo tsiku lina ndinagwa ndili pafupi kufika pakhomo, n'kubwereranso kukatunga. Kusukulu ndinkafika mochedwa, aphunzitsi n'kundipatsa chikwakwa kuti nditchetche kuseri kwa kalasi. Anzanga anandipatsa dzina loti Adokotala. Ndinkapsa mtima, nthawi zina ndinkalira ndekha m'njira, koma ndowa ija sindinaisiye. Nthawi ya chakudya ndinkamukokera Yohane pambali n'kumuthira ndi chikho, sopo akakhalapo, akasowa tinkagwiritsa ntchito phulusa.

Mwezi usanathe, tsiku lina masana, beseni litafika kwa azimayi, amayi analikankhira kumbali ndi phazi. Anatambasula manja awo kwa ine, nkhope atayang'ana kwina.

"Thira kuno," anatero.

Ndinathira. Mawa lake tinatsikira limodzi kudambo, aliyense ndi ndowa yake. Amalume sanasinthe, anamwalira akupisabe m'beseni lawo, koma kuyambira pamenepo linkathera kwa amuna. Kwa ana silinafikenso.

Sindinganene kuti chikho chija n'chimene chinapulumutsa Yohane, zimenezo akudziwa ndi Mulungu. Lero ndi bambo wa ana ake ku Ntchisi. Chimene ndazindikira n'chakuti amayi sanali mbuli, anali otopa, ndipo kutsutsa akulu ndi pakamwa n'kosavuta ngati ndowa akusenza ndi wina. Ulemu ndimaudziwa, mpaka pano ndimagwada popereka madzi kwa akulu. Koma woti mwana wodwala asambe litsiro la akulu chifukwa choti ndi wamng'ono, umenewo ndinaukana, ndipo ndikuukanabe.