Mtolo wa Ba Esnart

Ba Esnart, patha chaka chikuikireni m'manda, koma lero ndamva mawu anu. Tinali pa maphunziro a aphunzitsi ku Kabwata, mkulu wathu woyang'anira aphunzitsi uja n'kuyatsa vidiyo yothandiza ana kuchotsera manambala opanda mantha. Nkhope yanu waidula, dzina lanu wafufuta n'kulembapo lake. Angotsala manja anu ndi mawu. "Iyi njila ninaipanga neka," anatero, anthu n'kuwomba m'manja. Waiwala kuti amene anagwira foni kujambula vidiyoyo tsiku lija m'kalasi mwanu ku Chelstone ndine. Kamtsikana ka giredi 2 kankaopa samu ya 32 kuchotsa 7, chifukwa kanauzidwa kuti kabwereke, koma osakauza kwa ndani. Inu munagwada pambali pake ndi timitengo tomanga khumikhumi, n'kunena kuti, "Osayopa mami, palibe vobweleka apa. Masula chabe mtolo umozi, vonse ni vako." Kanamasula, kanawerenga, kanaseka. Mkulu yemweyu ndiye anakunyozani pamsonkhano kuti mukuphunzitsa ana kutola nkhuni. Munalira m'basi njira yonse.

Munkandiseka kuti ndimakhululuka msanga. Pa ichi ayi, mundikhululukire. Lachisanu akukaionetsa kwa akuluakulu ku Woodlands. Ndidzamusiya amalize, ndidzawombanso m'manja. Kenako ndidzapempha mwaulemu kuti ndilumikize foni yanga, aone vidiyo yonse kuyambira pamene mukuseka n'kutchula dzina lanu. Nayenso mtolo wake tidzaumasula, Ba Esnart, kamtengo kamodzikamodzi, onse akuwerenga.